Dokowe wa a Makwerero

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Makwerero, chifukwa sumawaona mumsewu opanda makwerero paphewa. Ngakhale tsiku lomwe anabwera kudzandifunsira, anayamba atsamiritsa kaye makwerero pampanda wakwathu. Ntchito yawo ndi yokhoma madenga. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndiye banja lathu lakhala lotere: iwo m'mwamba ndi misomali pakamwa, ine pansi ndi singano.

M'tauni mwathu chaka ndi chaka mumabwera adokowe, mbalame zazitali miyendo zija zochokera kutali. Zimamanga zisa pamadenga ndi pamachumuni, zisa zazikulu ngati mtolo wa nkhuni, zolemera moti malata amapindika. Boma linaika lamulo loti mbalame zoyenda ndi nyengo munthu asazigwire, asazisunge, ndipo chisa asachotse popanda chilolezo. A Makwerero anali mmodzi mwa anthu ochepa amene anapatsidwa chilolezo chochotsa zisa. Ankachinyadira, abale inu! Anachikuta ndi pulasitiki n'kumayenda nacho m'thumba lapamtima. Chithunzi changa sichinalowemo m'thumba limenelo.

Powapatsa chilolezocho anawaphunzitsa zinthu ziwiri. Dikira mbalame zichoke, ndipo usanagwetse chisa, kwera ukasuzumiremo ndi maso ako. Koma okhoma madenga ali ndi chizolowezi chawo. Amangogogoda malata ndi hamala, gu gu gu, n'kudikira pang'ono. Amati ngati muli kanthu kauluka.

Tsiku lina anawaitana kunyumba yosungiramo katundu ya wamalonda wina kuti akachotse chisa pachumuni. Adokowe anali atapita kale, mitambo yamvula ikusonkhana, mwini nyumba ali pansi kukuwa kuti katundu amunyowera. Chumuni chinali chachitali, bondo la amuna anga linali likuwawa. Anagogoda, osatuluka kanthu. Anatenga mtengo wautali n'kukankha chisacho, chinagwa pansi kuti khu! M'kati munali mwana wa dokowe woswedwa mochedwa, wamkulu kale koma wosayamba kuuluka. Mwana wa dokowe akachita mantha sathawa, amagona phee ngati wafa. Zimenezi anawauza kumaphunziro kuja, ndipo iwo ankazidziwa bwinobwino.

Anafika naye pakhomo atamukulunga mu ovololo, phiko lili lendelende.

"Bambo a ana, ichi ndiye chiyaninso?"

"Wagwa m'chisa. Ndamugwetsa ndine."

"Pitani naye ku ofesi ya zachilengedwe, akamuone odziwa."

"Akandifunsa kuti wagwa bwanji ndikati chiyani? Andilanda chilolezo, tidya chiyani pano? Phiko lipola ili. Auluka, nkhani ithera pomwepo."

Anamanga phikolo ndi timatabwa ndi tepi, n'kumukonzera kamalo kuseri kwa nyumba, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi bafa, kotchinga ndi malata otsala pantchito. Phiko linapoladi, koma linapola lokhota. Dokowe uja sanauluke.

Kuyambira pamenepo ndinakhala pamitala. Ee, ndinkamutchula kuti mkazi mnzanga. A Makwerero akaweruka ankayamba alowa kuseri kukamupatsa tinsomba ndi ziwala, kenako n'kudzandipatsa ine moni. Mkazi mnzangayo ankadana nane kwambiri. Ndikamayanika zovala za makasitomala ankatulutsa khosi pamwamba pa malata n'kundijompha m'chiuno. Ndikadandaula, amuna anga ankangoti, "Muleke, alibe kwina kopita."

Nthabwala zinkatha nyengo ya adokowe ikakwana. Anzake akamadutsa m'mwamba, wathuyu ankagogoda mlomo wake, kha kha kha, n'kuthamanga akukupiza phiko limodzi mpaka kukadzimenyetsa pamalata. Akadzuka n'kuyambiranso. A Makwerero ankaima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo, kumangoyang'ana. Tsiku lotero chakudya chinkabwerera m'mbale chosakhudzidwa. Munthu amene kale ankaimba padenga mpaka anthu apansi kudandaula, anasiyiratu. Chisa chilichonse ankakwera n'kupisamo dzanja, ngakhale chooneka kale kuti ndi chakale, bondo likuwawa choncho. Anzawo apantchito ankawaseka kuti akufuna mazira okazinga.

Chilolezo chija amachikonzanso chaka chilichonse. Mayi wa ku ofesi, wovala magalasi, ankafunsa funso limodzimodzi: "Palibe mbalame yavulala pantchito yanu, bambo?" Iwo ankayankha kuti palibe. Akabwerako ankakhala pampando wapakhonde pafupi ndi makina anga mpaka ine kutopa nawo.

"Mukudzipha ndi mtima, bambo a ana. Mlandu suola."

"Ndikudziwa. Kungoti ndikamamupatsa chakudya ndimaona ngati ndikulipirako."

Zinapita zaka zingapo. Kenako mwendo wa dokowe uja unatupa, anasiya kudya, ankangokhala chogona pakona. Tinamuika m'katoni n'kumutengera kwa dokotala wa ziweto wapafupi ndi msika. Dokotalayo atangosuzumira m'katoni anabwerera m'mbuyo.

"Achimwene, agalu ndi nkhuku ndimathandiza, koma iyi sindingaikhudze ngati mulibe chilolezo choisungira. Anditsekera pano. Pitani ku ofesi."

Tinabwerera kunyumba katoni ili pamiyendo. Nkhani inali yachidziwikire: akapita ku ofesi chilolezo chapita, akakhala dokowe wafa. Ine ndinakalipa, sindibisa. Ndinati taonani pomwe mwatifikitsa, munthu wamkulu ndi imvi zanu! Ntchito ya zisa ndi imene inkatidyetsa mvula ikayandikira. Koma mphuno imodzi silowa zala ziwiri. M'mawa mwake anavala malaya awo abwino, n'kunyamula katoni. Makwerero awo aja anawasiya atatsamira khoma, ndipo aneba anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Ofesiyo ndi kachipinda kopanikiza, kokhala ndi benchi imodzi ndi zithunzi za mbalame kukhoma. Amuna anga anaika katoni patebulo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa hamala paja, osasiyako kanthu. Mayi uja anavula magalasi n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, ine ndakhala ndikukufunsani chaka ndi chaka."

"Ee, mayi. Ndinkanama."

"Ndipatseni chilolezocho."

Anachitulutsa m'pulasitiki muja n'kupereka ndi manja awiri. Kenako anapempha kuti awapatseko chilolezo chinacho, chosungira mbalame, kuti dokowe akachira apitirize kumusamala. Mayiyo anapukusa mutu. Anati chimenecho amapatsa malo okhala ndi khola loyenera ndi anthu ophunzira za mbalame, osati kuseri kwa bafa. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa.

"Chikundipweteka n'chakuti," anatero, "ngozi ikanenedwa tsiku lomwelo timangochenjeza. Chilolezo sitilanda."

Amuna anga anapinda kapulasitiki kopanda kanthu kaja n'kukabwezera m'thumba.

Anatilola kuperekeza dokowe kumalo osamalirako nyama zovulala, kunja kwa tauni. Kumeneko dokotala wamkazi anati mwendo upola, si nkhani yaikulu. Kenako anatambasula phiko lokhota lija n'kuyamba kulisisita ndi zala. Sankadziwa kuti ife ndife ndani, ankangoyankhula ngati mmene amachitira anthu pantchito yawo.

"Mayo ine, zachisoni. Linathyoka pamalo osavuta. Akanabwera naye nthawi yomweyo tikanalilumikiza, akanauluka ndi anzake. Anamanga ndani chonchi?"

"Ndine," anatero a Makwerero.

Dokotala uja anachita manyazi, nayamba kupepesa. Iwo anati asapepese, wanena zoona.

Pano amangokonza madenga odontha ndi mipopi yamadzi amvula. Zisa amachotsa ndi ena. Akamva wina akugogoda malata ndi hamala pafupi ndi chisa amaima mumsewu n'kukuwa, "Iwe! Kwera ukaone ndi maso!" Ena amakwera, ena amawatukwana. Lamlungu lililonse amakwera basi kukaona mkazi mnzanga, yemwe tsopano amakhala m'khola lalikulu ndi mbalame zina zolumala. Akuti sawazindikira n'komwe, amangoyang'ana ndowa ya nsomba. Ndinawauza kuti mitala imatha choncho, anasekako pang'ono. Kapulasitiki kaja akadali nako m'thumba lapamtima, kopanda kanthu, ndipo ndikamachapa malaya ndimakabwezeramo.

Sabata yatha adokowe ananyamuka kubwerera kwawo. Anadutsa pamwamba pa nyumba yathu gulu lalikulu, ana a mumsewu akukuwa ndi kuloza. Ine ndinaimitsa makina. Amuna anga anali pampando wawo, akuwongola misomali yakale pamwala, ndipo sanadzutse mutu mpaka gulu lonse litadutsa.

"Mayi a ana," anatero, "kodi amati kumene zimapitako n'kutali bwanji?"

"Amati zimawoloka nyanja."

Anagogoda msomali uja kawiri, n'kuuika pambali.

"Wathu uja akanakaonako," anatero.