Amuna a Mphezi

Wamafiriji anali munthu wosavuta. Ankakonza mafiriji m'kashopu kake kuseri kwa msika, madzulo n'kubwerera kunyumba zala zili bii ndi girisi. Mkazi wake ankagulitsa mankhwala pafamase, mayi wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Banja linkayenda bwino mpaka pamene amayi amene anaphunzira limodzi ndi mkaziyo pasukulu ya atsikana anayambitsa bungwe lawo.

Basi, Loweruka mayi sankapezekanso pakhomo. Sabata ino akukapenta zipinda zogona ana asukulu, sabata inayo akukapereka matiresi, kenako akukalimbikitsa atsikana amene akudikira mayeso. Mphunzitsi wawo wakale atagonekedwa m'chipatala, ankasinthana kumudwazika. Foni ikangolira, mayi uja ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Amake mwana, kuseka kumeneku munkakubisa kuti zaka zonsezi?" anafunsa Wamafiriji tsiku lina.

"Ndi zakusukulu izi, bambo. Simungazimve."

Mawuwo anamulasa. Sikuti ankakayikira za mwamuna wina, ayi. Chinkamudya mumtima n'chakuti nthabwala zake zonse sizinamuseketsepo mkaziyo chonchi.

Firiji yakukhitchini ya pasukulupo itafa, abungwe anamuitana. Anapita atavala malaya atsopano. Ali mkati momasula mawaya, anamva chiphokoso kubwalo la masewera.

"Mphezi! Mphezi!"

Atasuzumira pawindo anaona amayi abungwe akupikisana kuthamanga ndi ana asukulu. Patsogolo penipeni panali mkazi wake, nsapato zili m'manja, diresi atakwinyira m'maondo, atsikana akumeza fumbi m'mbuyo.

Wapampando wa bungwe, chimzimayi cha mawu ngati belu, analowa m'khitchinimo akupuma wefuwefu. "Inu ndiye amuna a Mphezi? Alamu, munakwatira liwiro! Ameneyu palibe ankamugwira pasukulu pano."

Wamafiriji anamwetulira mano okha. Iye, mwini banja, sankadziwa n'komwe kuti mkazi wake amathamanga.

Sabata yomweyo analengeza kuti nayenso akuyambitsa bungwe la anzake akusukulu. Anabwereka mipando kwa aneba, anagula zakumwa, anasesa yekha pabalaza. Anabwera anthu awiri. Wina anamwa n'kugona pampando. Winayo anamuyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Pepani achimwene, paja inu munali kalasi iti?"

Mkazi wake anatolera matambula mwakachetechete, osaseka. Pobweza mipando kwa aneba anamuthandiza kunyamula, kenako anati, "Chitofu chakusukulu chikuvutanso. Anzanga akuti mubwere Loweruka."

"Ine ndine wamafiriji, osati wazitofu," anayankha mokalipa.

Koma anapita, ndipo mpaka lero amapitabe. Ntchito yochepa amaikoka mpaka dzuwa kupendeka, khutu lili kuchipinda kumene amayi akukumbutsana zakale. Akafika kunyumba amadandaula kuti amayi abungwe ndi aphokoso, kenako n'kufunsa mosayang'ana kumaso kuti, "Nanga uja munkamubisira nsapato patsindwi, anali ndani?"