Choko pa Tayala la Kumanzere

Pagalaja paja dzina lawo lenileni linatsala pa pepala lolembera ntchito basi. Aliyense ankangoti aKhutu. Dzinalo analipeza kalekale, masiku amene galimoto inkati ikangokhota pageti, iwo ali chagada pansi pa ina, ankakuwa kuti, "Imeneyo yatha labala wa kutsogolo kumanja, musavutike n'kutsekula injini!" Anzawo akayang'ana ankapezadi zomwezo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anazithera pansi pa magalimoto a eni, iwo osakhalapo ndi yawoyawo, ngakhale njinga yamoto.

Chimene sanauze munthu n'chakuti makutuwo anali atayamba kufa. Linayamba lakumanzere, chaka chomwe anaika maliro a akazi awo. Lakumanja linatsatira pang'onopang'ono, ngati chitsime chikuphwa. Tsopano ankamva ndi maso: kuyang'ana pakamwa pa wolankhula, kugwedeza mutu, kuseka ena akaseka. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya penti, momwe munali bedi, mpando umodzi ndi ovololo yachiwiri pamsomali. Ana awo awiri anali kutali. Ankaimba foni Lamlungu, koma pafoni palibe pakamwa poti uyang'ane, ndiye aKhutu ankangoiona ikuwala pabedi mpaka izime yokha. Anawo anayesa kuti bambo awakwiyira, n'kusiya kuimba. Anthu oti n'kukhala nawo pafupi anatsala a pagalaja okha, n'chifukwa chake mmawa uliwonse ankafika geti lisanatsekulidwe.

Koma bwana mwini galaja sanali wogona. Sabata yapitayo galimoto ina yobwerera chambuyo inaliza hutala katatu, aKhutu ali chilili, mpaka munthu anachita kuwakoka ovololo.

Lachitatu mmawa kunalowa galimoto ya okumba mijigo. Eni ake anaikwezetsa kuti izitha kudutsa miyala ndi ngalande za kumapiri: masipuling'i aatali, matayala akuluakulu onga a thirakitala, moti munthu wamfupi ankachita kudumphira. Chiikwezere sinakhalenso chete. Amene anaikweza anali mkamwini wa bwana, makanika wodzimva kwambiri, ndipo galimotoyo inali itamubwerera kale kawiri. Anasintha mashoko, anapaka girisi, anadula m'mphepete mwa madigadi. Kawiri konse anaizungulitsa pabwalo n'kunena kuti yachira, kawiri konse inabwerako ikulira.

Bwana anaima kutsogolo kwa aKhutu, manja m'matumba. "Iyi ndi yanu, akulu. Paja mumati galimoto imalankhula. Mukapanda kuimva pofika madzulo, tikambirana zoti muzikapuma kunyumba. Ukalamba si mlandu."

Mawu oti kunyumba anawawerenga bwinobwino pamilomo ya bwanayo. Kunyumba kwake kuti? Kukapuma ndi yani?

Dalaivala wa galimotoyo anali bambo wachinyamata wa pakamwa posauma. Sanabwere yekha. Pa tayala lakutha pafupi ndi khoma panakhala mkazi wake, wochepa thupi, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ali kumsana, maso ali mwazumwazu ngati nkhuku ya anapiye.

"Madala, musadabwe, ndabwera ndi apolisi," anatero dalaivala akuloza mkaziyo. "Amake mwanawa akuti kuphiri sindipitanso mpaka aione ndi maso awo ikukonzedwa. Munthu woopa ndi mphemvu yomwe!"

"Sekani," mkaziyo anayankha. "Inu mumakweza wailesi kuti musamve. Ine ndinaimva tsiku lija munatipatsa mpando popita kusikelo, ndipo chiimvere mtima wanga sunakhale pansi."

AKhutu anatolako theka la mawuwo. Anakwera, nailiza, naizungulitsa pabwalo mutu uli pawindo. Palibe chimene chinawafika kupatula kamluzu kaja kamene kanakhazikika m'mutu mwawo. Anatsika, nagwada pafupi ndi tayala, nayamba kulisisita kuti anthu aone ngati ali ndi poyambira. 

Kenaka anaona nkhunda zikuuluka padenga zonse pamodzi. Potembenuka anapeza aliyense wacheukira kwa mkamwini, yemwe anali atagwetsa bokosi la masipanala pasimenti, kumbuyo kwawo kwenikweni. Mwana uja kukamwa kunali yasa, akulira. Mayi ake okha ndi amene sankayang'ana masipanala. Ankayang'ana iwo.

Anadikira kuti amuna atanganidwe ndi kutola zitsulo. Anadzera kutsogolo kwa aKhutu, nagwada ngati akukonza nsalu ya mwana, nalankhula pang'onopang'ono, nkhope yake italunjika yawo.

"Bambo, mwanayu chidwalire malungo aakulu, mmawa uliwonse ndimawomba m'manja kumbuyo kwake kuti ndione ngati atembenuke. Msana wa munthu amene sanamve ndimaudziwa."

AKhutu anatsitsa mawu. "Mwana wanga, ukangowauza, ine kwanga kwatha."

"Sindiuza munthu. Koma Lachisanu bambo a mwanayu akutsika nayo phiri, ndipo mwamuna ndili naye mmodzi yemweyu, ngakhale ali wopepera chonchi. Ine ndizimva, inu muzikonza."

 Umakanika wa aKhutu unadzuka. "Tsiku unaimvalo, inali yopanda kanthu kapena inali ndi katundu?"

"Yodzaza. Mapaipi, simenti, ndi azibambo asanu kumbuyo."

Nkhani inagona pamenepo. Mkamwini ankaiyesa yopanda kanthu, ili njo ngati tambala. Galimoto yokwezedwa ikasenza katundu imatsika, ndipo zimene zinali patalipatali zimayamba kukhudzana. AKhutu anaitanitsa matumba khumi a mchenga omwe anatsala pomanga mpanda, nati awakweze kumbuyo ndi pakati. Anatulutsa choko m'thumba la ovololo, napaka m'mphepete mwa matayala onse akutsogolo, mkati ndi kunja, mpaka anayera mbuu.

Mkamwini anabwera kudzaima pamaso pawo akupukuta manja. "Mwayamba uphunzitsi, madala? Khutu lapita kutchuthi?"

"Ndikuphunzitsa iweyo. Khala pansi uzikopera."

Mkaziyo anamasula mwana n'kumupereka kwa mwamuna wake. "Ndikwera ndine, poti ndine ndinaimva."

"Ndiye ine ndasanduka wolera mwana?"

"Gwirani. Ndipo makiyi a kunyumba musamupatse, amaika m'kamwa."

Mkaziyo anakwera, nakhala kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, naika dzanja paphewa la aKhutu. Anapangana kuti ikagogoda afinya, ikakhula akanda. Chimwalirire akazi awo, panalibe munthu amene anawagwirapo, kupatula uja anawakoka ovololo. Dzanjalo linali lopepuka, lofunda, lonunkhira sopo wa mwana. AKhutu analowetsa giya.

Kuseri kwa galaja kunali bwalo la mabampu ndi kangalande kodutsa pakati. Powongoka, dzanja linali chete. Pokhotera kumanja, chete. Anakhotetsa chiwongolero chonse kumanzere, tayala n'kulowa m'kangalande, ndipo zala zinakanda paphewa mwamphamvu ngati mphaka. Potuluka m'ngalandemo zinafinya kawiri. Anabwereza katatu, ndipo katatu konse zinachitika pamalo omwewo.

Anaiimika pamwamba pa dzenje logwirira ntchito, matumba ali momwemo, natsika ndi tochi. Choko sichinama. Chinali chitadetsa ngodya ya chitsulo kuseri kwa tayala lakumanzere, kumene mkamwini sanadule chifukwa sikuoneka munthu ataimirira. Koma chinali chitadetsanso china. Paipi ya labala ya mabuleki inafupika galimoto itakwera, ndiye wina anaichotsa pa kachitsulo koigwirira kuti ifike, n'kuisiya ili lendelende. Tayala linkaidya tsiku ndi tsiku. Labala anali ataperepeseka mpaka ulusi wa mkati unkaoneka.

Anaitana dalaivala kuti atsike, namugwiritsa chala pamenepo. Nthabwala zinamuthera. Dalaivalayo anatuluka m'dzenjemo, nakaima pafupi ndi mkazi wake, nagwira kaphazi ka mwana. Mkaziyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangokhala pa tayala lakutha lija.

Kugogoda aKhutu anakupeza ndi chikhatho. Anauza amuna awiri kuti aigwedeze galimoto, iwo akugwira chitsulo chimodzichimodzi, mpaka china chinawamenya m'dzanja ngati mtima wa munthu. Malabala a pamkono wogwira tayala anali atang'ambika, atsopanotsopano. Mkamwini anamanga mabawuti ake galimoto ili m'mwamba pajeke, matayala akulendewera, ndiye itatsika pansi labala anakhala chipotokere mpaka kuchita kung'aluka.

Masana onse aKhutu anathera m'dzenje. Anaika paipi yaitali n'kuibwezera pa kachitsulo kake, natulutsa mpweya m'mabuleki dalaivala akuponda. Ngodya ija anaipinda ndi hamala. Malabala atsopano anawalowetsa, koma mabawuti anawamanga komaliza galimoto itaima ndi matayala ake, katundu ali momwemo. Mkamwini anaonerera zonsezi, ndipo nthawi ina anawapatsira sipanala asanapemphe.

Anazunguliranso bwalo lija, mkazi uja ali kumbuyo. Kumanzere, m'ngalande, kutuluka. Kumanzerenso. Dzanja linangogona paphewa osasuntha. Anazungulira kachitatu, ngakhale kawiri kanali kokwanira.

Dzuwa litapendeka, bwana anaitenga yekha kukaiyesa kumsewu. Atabwera anatsika, naponya makiyi kwa dalaivala, nayang'ana paipi yakutha ija yomwe inali pabenchi. Kenaka anatembenuka kulowera ku ofesi, ndipo akuyenda choncho, msana uli kwa aKhutu, ananena zinazake. AKhutu anangoona mutu wa bwanayo ukugwedera, dzanja likukwera n'kutsika. Chitseko chinatsekeka.

AKhutu anaima pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana nkhope ya mkamwini, koma sinawauze kanthu. Kufunsa sakanatha. Kuvula ovololo n'kuipinda, kapena kuisiya pamsomali wa pagalaja, sanadziwe.

Mkazi uja ankabereka mwana, atawerama, nsonga ya nsalu ili kumano. Atamanga mfundo anawongoka, nayenda ngati akupita kukatsazika, naima pamaso pawo.

"Zikomo, bambo," anatero mokweza kuti onse amve. Kenaka, ndi milomo yokha: "Akuti mawa mulawire. Kukubwera inanso yokwezedwa."

AKhutu anagwedeza mutu. Mwamuna wa mkaziyo anamunyamulira m'galimoto, ndipo inatuluka pageti matayala akusiya timizere toyera pafumbi. AKhutu anapita pampopi, nayamba kusamba m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Ntchito inali ikadalipo. Mawa linali Lachinayi, ndipo yobwerayo inali ya anthu ena, popanda dzanja loti ligone paphewa pawo.