Amalume Spencer ndi Dzuwa la Kumsana

Asanabwere kuno ku Glasgow, amalume anga a Spencer ankajambula anthu ku Balaka. Njinga, kamera pakhosi, kansalu kopachika kumbuyo kwa kasitomala. Maukwati, ana oyamba sukulu, asilikali obwera kutchuthi. Lamulo lawo linali limodzi: dzuwa likhale kumsana kwa wojambula kuti nkhope ya munthu iwale. "Palibe amene amalipira mthunzi," amatero mpaka lero, ngakhale tsopano amatsuka mabasi ndipo kamera amangoitulutsa pa ubatizo kutchalitchi.

Ali ndi mwana mmodzi, Atupele, wobadwira ku Maryhill konkuno, ndipo akuphunzira zojambula kukoleji. Mungaganize kuti awiriwa amamvana. Ayi ndithu. Bambo akafunsa m'Chichewa, mwana amaponya mawu awiri a Chingerezi chothamanga cha kuno, n'kukadzitsekera kuchipinda. Ndiye tsiku limene Atupele anawapempha kuti akamuthandize kujambula dzuwa likulowa kunyanja yamchere, amalume anasita suti. Kanali koyamba kuwaitana chikulireni, ndipo ankafunitsitsa kuti kasakhale komaliza.

Ine ndinali nditangobwerako ku Lilongwe, kumene ndinalephera kukhazikika, ndiye ndinawatenga onse awiri pa galimoto mpaka kugombe la Portencross. Kulibe mchenga kumeneko. Miyala yakuda yoterera, ndere, mphepo yoluma makutu, mafunde akumenya ngati alipidwa.

Atupele anaimika kamera pa miyendo yake itatu n'kufotokoza m'Chichewa chake chopindika. Iye akaima pamwala, dzuwa lili kumbuyo kwake; likangokhudza mapiri a chilumba cha Arran, bambo adine batani. Basi.

"Dzuwa kumbuyo kwa iweyo?" anafunsa amalume.

"Yes, Dad."

"Nanga nkhope?"

"Nkhope sikufunika."

Amalume anatembenukira kwa ine. "Zikani, wamva? Mtunda wonsewu kudzajambula munthu wopanda nkhope?"

"Ndi mmene akufunira aphunzitsi ake, malume."

"Aphunzitsi akewo anajambulapo ukwati?"

Dzuwa linatsika, kumwamba kwachita psuu. Atupele anakwera pamwala. Amalume anasuzumira mu kamera n'kuona mwana wawo ali bii ngati chitsa chopserera, wopanda maso, wopanda mano. Chala chinakana kudina. Ananyamula kamera ndi miyendo yake yomwe, n'kuyamba kudzandira pamiyala ndi nsapato za kutchalitchi, kuzungulira mpaka kumbali ya madzi kuti dzuwa libwere kumsana kwawo.

"Tembenuka! Yang'ana kuno! Mwetulira, mwana iwe!"

"Dad, no! Bwezani kamera!"

Funde linabwera n'kudzaza nsapato zonse ziwiri. Dzuwa linali litalowa kale theka. Atupele anakuwanso, kenako anasiya. Anatulutsa foni, kuwaloza nayo, kudina. Posakhalitsa mapiri analimeza dzuwa.

Tinakwera galimoto kubwerera. Atupele anavala zakumakutu zomvera nyimbo n'kuyang'ana pawindo. Titayandikira tauni amalume anandinong'oneza: "Ndalakwa chiyani kodi? Ine ndimafuna aoneke." Ku Lilongwe nanenso ankandiseka ndikamajambula mitambo, kuno ndimasowa chonena akandifunsa kuti mitamboyo ndi ya chiyani.

Patapita masiku ndinali kwawo, kukhitchini, pamene Atupele anatuluka m'chipinda ndi chithunzi chachikulu n'kuchiika patebulo. Kumwamba kofiira, miyala yakuda, ndipo pakati munthu wakuda bii, jekete likuuluka, kamera ya miyendo itatu ili paphewa ngati khasu.

Amalume anavala magalasi. "Ameneyu ndani?"

"Inuyo, Dad."

"Wadziwa bwanji? Nkhope palibe. Akhoza kukhala mzungu aliyense wa ku Govan konkuno."

"Makutu," anatero Atupele, n'kuseka. Ndinali ndisanamumvepo akuseka ndi bambo ake. Ananena kuti chithunzicho wapereka kukoleji, ndipo akufuna zina zotero. "Loweruka tipitenso. Muvale suti yomweyo."

Atabwerera kuchipinda, chitseko anachisiya chosatseka. Amalume anachitembenuzatembenuza chithunzicho, kuchiyandikiza, kuchitalikitsa.

"Zikani, undiuze zoona. Mwanayu akundilemekeza kapena akundiseka?"

"Sindikudziwa, malume."

"Ndiye Loweruka ndikajambule ndine, kapena ndikajambulidwe?"

Icho nachonso sindinkadziwa. Amalume anadzuka kukatembenuza nsapato zija pa hita, chifukwa mkati zinali zisanaume.