Keziya ndi Galimoto Yokokera Kumanzere

Ku Mlare mukafunsa za mayi wogulitsa mpunga wa kilombero pafupi ndi siteji ya minibasi, aliyense akulozerani Keziya. Ndi wamfupi, wamawu aakulu, ndipo kuseka kukamugwira amatula pansi chilichonse chimene wanyamula. Anabadwira ku Vinthukutu, sukulu analekezera Fomu 2, kenako anakwatiwa ndi Ambokile, wometa tsitsi amene amavala jekete ngakhale mu Okutobala, Karonga yense akuwira ndi thukuta.

Galimoto inabwera chifukwa cha mpunga. Keziya anatopa kukangana ndi makondakitala pa nkhani ya matumba, ndiye banjalo linaitanitsa galimoto yaing'ono yoyera, yogwirapo kale ntchito, kudzera ku Dar es Salaam. Tsiku limene Ambokile anafika nayo kuchokera kumalire a ku Songwe, Keziya anavina pamsewu ndi nsapato imodzi, inayo itavuka pothamanga.

Mwezi usanathe, Ambokile anaona galimoto za anyamata a ku Kyela, tsidya lina la malire, zotsika ngati zikununkhiza phula, ndipo mtima unamuthawa. Osauza mkazi wake, anapita kwa fundi wina dzina lake Allan, amene ntchito yake yeniyeni ndi yowotcherera mageti. Allan anadula masipuling'i onse anayi pongoyeza ndi maso. Madzulo galimoto inabwera kunyumba itakhala pansi ngati bakha wofungatira mazira.

Ambokile anati wachitira mkazi wake, kuti ndi miyendo yake yaifupi asamavutike pokwera. Keziya anadziwa kuti ndi bodza, koma bodzalo linamukomera kwambiri moti anaseka mpaka kutsamira khoma.

Kuyambira pamenepo galimotoyo inakhala ndi maganizo akeake. Chiwongolero chinapendekeka, ndipo ukangochimasula pang'ono, inkalowera kumanzere ngati mbuzi yaona chinangwa. Pa mahampu aliwonse inkakhula mimba, ndiye okwera ankatsika, kuyenda wapansi, n'kukakweranso patsogolo. Amayi a Umanyano, anzake a Keziya a kutchalitchi, ankaikonda chifukwa cha zimenezi. Ankati ulendo wa pa galimotoyo umalimbitsa thupi.

Ndi pa galimoto yomweyi pamene Keziya anaphunzirira kuyendetsa. Ambokile ankamutengera kubwalo la mpira, n'kumuikira mapilo awiri pampando. Popeza anali asanagwirepo chiwongolero china, Keziya anaganiza kuti galimoto zonse padziko zimakokera kumanzere, ndipo ntchito ya dalaivala ndi kulimbana nazo. Dzanja lake linazolowera kukankhira kumanja nthawi zonse. Ankayenda mowongoka bwino kuposa mwamuna wake, ndipo ankauza makasitomala kuti madalaivala a malole amawapatsa ulemu tsopano, chifukwa ntchitoyi imafuna nyama za m'mikono.

Chimene chinathetsa chisangalalo cha Ambokile ndi matayala. Kunja ankaoneka atsopano, koma m'kati anali atadyeka mpaka mawaya kuonekera. Lina linaphulika ku Ngara, akuchokera kogula usipa, ndipo mwamwayi ankayenda pang'onopang'ono. Ambokile ndi Keziya anatenga galimotoyo kupita nayo ku galaja ina ya pa boma, ya mayi wina wa ku Mangochi, a Hadija, yomwe ili ndi makina owongolera matayala.

A Hadija anasuzumira pansi, n'kufunsa kuti wadula masipuling'i ndani, telala kapena? Anafotokoza kuti galimoto ukaitsitsa, matayala amasiya kuponda mofanana, amapendekera m'kati, ndipo mbali imodzi ikadulidwa kwambiri, galimoto imakokera komweko. Kuwongola matayala kokha, komwe amati alayimenti, sikukanathandiza. Panafunika masipuling'i ena, kenako n'kuwongola. Ambokile anapempha kuti mwina aisiyeko yotsika pang'ono, koma Keziya anamukumbutsa za matumba a mpunga, ndipo anangovula jekete n'kukhala pa benchi.

Ntchito itatha, galimoto inaima mwamtali ngati kale, chiwongolero chili chilili. Keziya anapempha kuti aiyese yekha pa kamsewu ka fumbi kakuseri kwa galajayo. Anakonza mapilo ake, analiza injini, dzanja n'kuchita zimene linazolowera. Galimoto inakhotera kumanja mwaulemu, inadutsa ngalande yosaya, n'kukaima m'munda wa nthochi wa anthu ena. Tsamba lalikulu linagwera pagalasi.

Onse anathamangira komweko. Anamupeza ali bwinobwino, atagwira chiwongolero ndi manja awiri, nkhope ili gwa.

“Mama Hadija, pepani, koma galimoto mwaiwononga. Tsopano ikukokera kumanja.”

“Ayi amayi, galimoto yawongoka. Amene atsala ndi inuyo.”

Zinamutengera kanthawi kuti amvetse. Atamvetsa, anagwetsa mutu pachiwongolero, hutala n'kumalira, iye akuseka mpaka misozi. Mwini munda anabwera ndi ukali, koma atamva nkhaniyo anakhala pansi n'kuyamba kuseka nawo, ndipo potsanzikana anawapatsa phava la nthochi zimene galimoto inagwetsa.

Keziya analembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto pa boma, komwe mphunzitsi anavutika naye kuposa ophunzira atsopano. Ankamuuza kuti agwire chiwongolero ngati dzira, osati ngati nyanga za ng'ombe. Mayeso analephera kamodzi, kachiwiri anakhoza, ndipo laisensi anaionetsa kwa aliyense mu minibasi yobwerera ku Mlare, ngakhale kwa wapolisi wa pa rodibuloko amene sanamufunse.

Masiku ano amanyamula yekha mpunga kukagulitsa ku Chilumba ndi ku Rumphi. Anamulola Ambokile kuika timagetsi tabuluu kunsi kwa galimotoyo, ndipo Lachisanu lililonse amaitsuka kutsogolo kwa shopu yake yometera, wailesi ili pamwamba. Makiyi amasunga ndi Keziya, pa chingwe cha m'khosi.