Kambale Kouma ka Achemwali

Chaka chimene koleji ya ku Zomba inaona kuti ikhoza kupitiriza maphunziro popanda ine, ndinabwerera ku Chinakanaka ndi sutikesi, nsapato zachikopa zakuda, ndi jekete imene ndinkavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sipanachitike mkangano. Mayeso anandifunsa zinthu zimene ndinali ndisanakonzeke kuuza munthu aliyense, basi tinasiyana mwaulemu. Ondifunsa ndinkawayankha kuti ndili pa tchuthi.

Kukhala pansi kunkandikanika. Ndikakhala pakhonde ndinkafuna kumsewu, ndikafika kumsewu ndinkadabwa kuti ndadzatani. Ndikati ndikhale pampando, mwendo unkagwedera wokha ngati wa telala.

Ndinkakhala kwa achemwali anga aakulu. Iwo anagwira ntchito nthawi yaitali m'khitchini mwa dona wina ku esiteti ya tiyi. Dona atabwerera kwawo, achemwali anatenga kangachepe kotsanzikira n'kutsegula tiyirumu pafupi ndi msika: mabenchi, tebulo lalitali, uvuni wa mgolo kuseri, ndi chithunzi cha mtsogoleri pamwamba pa zonse monga zinkafunikira masiku amenewo. Sikono zawo zinali zoti ukazigwira zimapepesa. Makapu ankawala. Tiyi ankathira mmene anaphunzirira kwa dona, kulekezera pansi pang'ono pa mlomo wa kapu, kambale kake kouma kuti gwa.

Anthu ankabwera kamodzi, kudya, kuthokoza, osabweranso.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza ataima pafupi ndi thumba la ufa wa tirigu, atagwira m'chiuno.

"Ukuliona thumbali? Likatha zinthu zili chonchi, ndikutseka. Ndikalembetsa kothyola tiyi."

"Ndi msana wanuwo, achemwali? Dengu mukalitha?"

"Msana sudya sikono zogona. Tamvera. Iwe uli ndi miyendo yosakhazikika ndi pakamwa posagwira ntchito. Tenga njinga ya alamu ako, ukadye m'matiyirumu mwa anzangawa, udzandiuze chimene akundiposa."

Alamu anali ku Joni, njinga yawo inkangodya dzimbiri kuchipinda. Ndinaipopa, ndinapukuta nsapato, ndinavala jekete. Ntchito yofufuza imafuna ulemu wake.

Ndinayambira ku Thuchila. Tiyirumu yake inali yodzaza, phokoso likumveka kumsewu, wina akuseka mpaka kutsokomola. Nditangoponda pakhomo, kunangoti zii. Mwini wake, bambo wamfupi wadazi, anathamanga kudzapukuta kampando kapadera pakona, anandikhazika moyang'ana kukhoma, n'kutsitsa kapu yamaluwa imene inkakhala pamwamba pa kabati. Anathira tiyi atagwira ketulo ndi manja awiri, osagwetsa ngakhale dontho. Ndinati mumtima, onani, maphunziro ngakhale osatha amanunkhira.

Ndinaluma sikono. Inali yoti mutha kugendera mango. Ndinatafuna mofatsa ngati woweruza, kenako ndinayamba mafunso.

"Bambo, ufawu mumautenga kuti?"

"Kusitolo, bwana."

"Nanga shuga?"

"Kusitolo komweko, bwana. Ife za kumalire sitizidziwa. Kuno tili pa mtendere."

"Anthu amabwera ambiri chonchi tsiku lililonse? Amakonda chiyani kwenikweni?"

"Amakonda chitukuko, bwana."

Asanamalize anali atatulutsa kale khadi lawo lachipani, la akazi awo, ndi lina la mwana amene panthawiyo anali akadali m'mimba. Ndinawayamikira chifukwa cha dongosolo. Potembenuka ndinapeza mabenchi ali okhaokha, munthu womaliza akutuluka atanyamula mandasi kukamwa.

"Zili bwanji?" anandifunsa achemwali madzulo.

"Sikono zawo ndi zida zankhondo. Tiyi ngofanana ndi wanu, kathiridwe komweko."

"Nanga anthu?"

"Odzaza. Koma sakhalitsa."

Ndinapitiriza. Ku Chitakale ndinapeza bekare ya mabanzi achikasu otsekemera mopitirira, amene ukawafinya m'manja amasanduka kanthu kangati mtedza. Mtsikana wogulitsa anandipatsa otentha a pansi pa nsalu, maso ali pa nsapato zanga. Pa boma ndinadya nkhomaliro m'kanyumba kena kuseri kwa depoti: ndinaitanitsa mpunga wa nyemba, anandibweretsera mpunga wa nkhuku, ntchafu yeniyeni, n'kunena kuti nyemba sizoyenera munthu ngati ine. Pa Nkando ndinadya chigumu chabwino chimene chinandikhala pakhosi mpaka kunyumba. Kwina zitumbuwa zamafuta a dzana, kwina mandasi opanda kanthu m'kati ngati malonjezo. Kulikonse nkhani inali yomweyo: phokoso, ine kulowa, zii, kampando kapakona, kapu ya alendo, kambale kouma.

Sindinkakhalitsa pamalo. Ndikameza ndinkafuna kale kwina. Njinga inkalira, ine ndikupalasa pakati pa minda ya tiyi ngati munthu wochedwa ku msonkhano, chonsecho palibe amene ankandidikira. Ndinanenepa pang'ono. Thumba la achemwali linkaonda. Linafika pogwada lokha pakona, ndipo amene ankabwera kamodzikamodzi aja nawonso anasiyiratu.

"Wadya boma lonse la Mulanje," anatero achemwali, "chimene wandibweretsera ndi masaya."

"Kafukufuku safuna phuma."

"Ufa umafuna. Kwatsala ku Muloza, kumalire. Akuti kuli anthu othawa nkhondo amene akuphika buledi wachilendo. Pita ukaone, mwina n'chimenecho."

Ku Muloza ndi kutali, choncho ndinakonza zokagona ku Limbuli kwa msuweni wanga wothyola tiyi. Nditadutsa boma, phiri linaganiza zondisambitsa. Mvula yake inali yosacheza. Pamalo ena otsetsereka njinga inapita kwake, ine kwanga, tinakakumana m'ngalande. Ndinafika ku makomboni ndili ngati chiboliboli cha dothi. Msuweni anaseka mpaka kukhala pansi, mkazi wake anachapa jekete ndi buluku n'kuyanika pamwamba pa moto. Kutacha zinali zisanaume. Anandibwereka kabudula wa zigamba, malaya ong'ambika paphewa, ndi nkhwaira za tayala.

"Ukaoneke ngati munthu kamodzi, msuwani," anatero.

Pa Muloza panali piringupiringu. Njinga zonyamula matumba, amayi a mitolo pamutu, Chilomwe ndi Chipwitikizi zikuwombana m'mwamba. Fungo linanditsogolera kwa mkulu wina wa ku Milanje, kutsidya kwa malire, amene ankatulutsa buledi mu uvuni wadothi ndi thabwa lalitali. Amautcha pau. Kunja kolimba kokhukhuta, m'kati mofewa, wopanda shuga ngakhale pang'ono. Ndinagula umodzi n'kulowa nawo m'tiyirumu yamalata yoyandikana nayo.

Phokoso silinaleke. Ndinaima pakhomo kudikira kuti wina apukute kampando. Palibe anatembenuka.

"Iwe, ukutitchingira kuwala," anatero mayi wa tiyirumuyo, wamtali, ketulo yaikulu ili m'manja. "Khala apo. Senderani, anthuni."

Ndinapanikizika pakati pa bambo wina wandevu wonyamula katundu panjinga ndi mkulu wa chipewa chaudzu. Mayi uja anandiikira mbale yachitsulo, m'kati mwake kapu yapulasitiki, n'kuyamba kuthira ali kuyang'ana kwina, akukalipira munthu wina za nkhuni. Kapu inadzaza. Iye osaleka. Tiyi anasefukira, anatsikira m'mbali, anadzaza mbale mpaka kapu inaima pakati ngati chulu m'dambo.

"Mayi, mayi! Mwataya!"

Apa m'pamene panati zii, koma kwa kamphindi. Kenako chiseko chinaphulika.

"Akuti mwataya!" anakuwa wandevu, akumenya tebulo. "Achimwene, mwachokera kuti, kumwamba?"

"Msiyeni, mwina kwawo amamwera m'botolo la mwana," anatero mayi uja.

Wachipewa anandigwira pamkono. "Tamverani, mphwanga. Wam'kapuyo ndiye mwagula. Wam'mbaleyo ndi banyira. Mukamaliza kapu, mutsanulire wam'mbaleyo, mumwenso. Kapena munyike buledi wanuyo momwemo. Tiyi wosasefukira ndi tiyi wa munthu wodana nawe."

Ndinayang'ana tebulo lonse. Kapu iliyonse inali m'dziwe lakelake. Anthu ankanyika, kupsontha, kutsanulira. Ndinayesa kukumbuka matebulo a ku Thuchila ndi kwina konse, ndinapeza kuti chimene ndinkakumbuka bwino ndi makoma.

"Ngati mayi uja wa pa Chinakanaka," anatero wandevu. "Mukumudziwa? Uja ankaphikira azungu. Sikono zake, eee, ngati ukudya mtambo. Koma dzanja! Amayeza tiyi ngati mankhwala a chifuwa. Ine ndinayang'ana kambale, ndinayang'ana iye, ndinati mayi, kodi tinalakwirana?"

"Kumeneko musapitekonso," anatero wina wa kumapeto kwa benchi, atatsitsa mawu. "Simunamve? Kuli kazitape wa jekete akuzungulira matiyirumu panjinga. Amafunsa za shuga, amafunsa anthu amakamba chiyani. Akuti amagona pa tiyirumu yomweyo."

"Wa nsapato zakuda? Anafika pa Nkando! Akuti amadya ngati akulemba."

"Achimwene, inu simunakumane naye m'njiramu?" anandifunsa wandevu.

Ndinanyika pau m'mbale, ndinatafuna bwinobwino, ndinameza.

"Anthu otere ngoipa kwambiri," ndinatero.

Onse anavomera.

Ndinapalasa kubwerera osaima ngakhale pa bekare imodzi, jekete yonyowa nditaimanga pakaliyala. Achemwali ndinawapeza akukung'untha thumba kuti ufa wa m'makona utsike. Ndinawafotokozera zotsatira za kafukufuku mwadongosolo: choyamba, kambale, chachiwiri, ine.

Za ine sanadabwe. Za kambale anakhala pansi.

"Ndizitaya tiyi dala? Ine? Ukudziwa mmene dona ankachitira akapeza kadontho pakambale? Ankakweza kapu m'mwamba chonchi, osalankhula, alendo onse akuyang'ana. Ndinaphunzira ndi misozi zimenezi. Lero ndizithira ngati woledzera?"

"Si kutaya, achemwali. Ndi banyira."

"Ndi uve."

"Ndiye kasankheni dengu."

Anatenga mbale yachitsulo, anaikamo kapu, ananyamula ketulo. Tiyi anakwera, anakwera, atafika pamalo ake akale dzanja linadzuka lokha. Anayesanso. Linadzukanso. Kachitatu anatsinzina, komabe linadziwa.

"Silikufuna," anatero, akuliyang'ana ngati la munthu wina. Kenako anayang'ana ine. "Koma iwe chibadwire sunathirepo kanthu osataya. Gwira."

Nkhani ya ukazitape anaithetsa okha m'mawa mwake, ndipo sanandifunse maganizo. Linali tsiku la msika. Jekete ndi nsapato anazitsekera m'sutikesi. Anandimangirira chitenje m'chiuno, anandisenzetsa mtolo wa nkhuni, n'kundiyendetsa pakati pa msika iwo ali patsogolo.

"Mwamuona mlongo wangayu?" ankauza aliyense, wa tomato, wa nanazi, wa makaka, ngakhale anyamata oona makhadi pachipata. "Si wa boma ayi. Boma lingamutani ameneyu? Anangolephera mayeso ku Zomba. Analephera zedi, mpaka anamuthamangitsa. Panopa akundithirira tiyi."

"Ayi, pepani, mayi," ankatero anthu, nkhope zikumasuka. Mayi wina wogulitsa kalongonda anandipatsa wodzaza dzanja kuti ndilimbe mtima. Sindinaonepo kulephera kwa munthu kukusangalatsa anthu ambiri chotero. Ndinayenda mowongoka pansi pa nkhunizo, monga ayenera kuyendera munthu amene mbiri yake ikuperekedwa nsembe.

Woyamba kulowa anali mlonda wina wopuma wa ku esiteti, wa jasi lalitali. Anakhala pabenchi, anayang'ana chithunzi kukhoma, anayang'ana mapazi anga.

"Ndiwe unalephera uja?"

"Ndine, agogo."

"Masamu?"

"Zonse."

"Chabwino. Thira."

Ndinakweza ketulo. Kapu inadzaza, tiyi anayamba kutsikira m'mbale. Kuseri, kudzera pakazenera ka kukhitchini, ndinamva achemwali akupuma ngati munthu amene akumuzula dzino.

"Basi! Wakwana!"

"Thira, mwana wasukulu," anatero mkuluyo osatembenuka.

"Iwe, ndati basi! Mtengo wa mkakawo ukuudziwa?"

Pakhomo panali pataima amuna awiri a njinga, akusuzumira kuti aone mbali imene ndigwere. Ndinathira mpaka mbale inafika m'khosi. Mkuluyo ananyema sikono, anainyika m'mbalemo, anatafuna ndi nkhama zake, n'kugwedeza mutu.

"Lowani," anawauza a pakhomo aja. "Mayiyu wachira."

Analowa. Pambuyo pawo panabwera mayi wa mwana kumsana, kenako telala ndi mnzake. Tebulo linayamba kunata, ntchentche zinamva uthenga, wina anayamba nkhani ya mpira mokweza. Achemwali anatulukira ndi nsanza kuti apukute, anaima, anayang'ana madziwe onsewo, n'kubwerera kukhitchini osapukuta. Patapita kanthawi ndinamva akukanda ufa wina, akumenya mtandawo patebulo mwamphamvu kuposa mmene unkafunira.

"Ukamaliza apo," anakuwa, "upope njinga. Mawa ukatenge thumba lina ku Chitakale. Ndipo usakafunse munthu funso lililonse!"