Mapiko amene ndinadulitsa

Amuna anga anali kalipentala kufakitale ya tiyi, okhoma mabokosi. Ine ndinkathyola tiyi, dengu kumsana. Tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, pamodzi ndi Alomwe anzathu amene makolo awo anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi.

Tsiku limene ndege inayamba kudutsa pamwamba pa Thyolo, anthu anathawira m'tiyi, koma amuna anga anangoima kukamwa yasa, nyundo ili m'manja. Matenda anayambira pomwepo. Akaweruka ankapala nsungwi mpaka kupyapyala ngati udzu, n'kumatapo mapepala otsala kufakitale. Ndege zisanu zoyamba zimene anapanga zinagwa chamutu. Yotsatira inali ya mapiko aatali, ndipo akaiponya ali pachulu cha kuseri kwa malaini, Lamulungu titachoka kutchalitchi, inkayandama ngati kabawi, osafuna kutera. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumathamanga pansi pake akuseka! Ine manyazi ankandigwira.

"Ana adzadya ndegeyo?" ndinkawafunsa.

"Amayi, taonani mmene ikukhotera," ndiko kuyankha kwawo.

Kenako bwana wa esiteti, amene naye ankakonda tindege, analengeza kuti pa masewera a Khirisimasi padzakhala mpikisano wa antchito. Ndege yokhalitsa m'mwamba idzatenga bulangete lofiira, lolemera. Wodziwa kuzizira kwa chiperoni andimvetsa: ana athu awiri ankafunda chiguduli. Amuna anga anakana. Anati yawoyo ndi yosewera nayo, si yolimbirana ndi anthu. Koma pakamwa panga ndimapadziwa ndekha. Ndinalongolola masabata atatu mpaka anavomera.

Pabwalo la mpira tinapeza kalaliki atakhala patebulo ndi ndodo yoyezera. Lamulo linali lakuti mapiko asapitirire yadi imodzi. Palibe anatiuza zimenezi m'malaini, chikalata chake anachikhoma kuofesi, m'Chingerezi. Ndege za makalaliki ndi akapitawo zinakwana bwinobwino. Ya amuna anga inapitirira zala zinayi mbali iyi, zinayi mbali inayo.

"Dulani, apo ayi khalani pambali," anatero kalaliki.

Amuna anga anandiyang'ana. Ndinangotembenuza maso n'kuyang'ana bulangete lija patebulo, ndipo iwo anaona. Anatulutsa mpeni m'thumba, anagwada pansi, n'kudula. Tinsonga tiwiri tinagwera paudzu, ine n'kutitola mwakachetechete, kumanga pansonga ya nsalu.

Anapambana ndithu, poti za anzawo zinkangogwera kumapazi. Yawo inafika pakati pa bwalo ikupepesuka ngati nkhuku yodumpha padenga. Amayi a m'malaini anaimba nthungululu, ine ndinavina mpaka fumbi koboo. Iwo analandira bulangete ndi manja awiri, n'kundipatsira osandiyang'ana.

Lamulungu lotsatira anapita kuchulu. Anaponya katatu, katatu konse inagwa. Anabwera nayo n'kuisomeka kudenga, ndipo inakhala komweko mpaka inada ndi mwaye. Nditaona kuti Lamulungu akungokhala pakhonde manja ali m'khosi, ndinati, "Abambo, nsungwi zatha kodi? Pangani ina."

"Ya yadi imodzi?" anandifunsa, mosakalipa n'komwe. Bwenzi atandilalatira, kukanakhalako bwino.

Ana anafunda bulangete lija, anagona mofunda, sindinama. Koma bambo awo sanalikhudzepo, ngakhale pamene chifuwa chinawagwira patapita zaka ziwiri, akunjenjemera pamphasa.

Atamwalira, alongo awo ochokera ku Thekerani anati tiwakulunge m'bulangete lawo labwino, monga timachitira. Anatenga lofiira lija. Ndinawalanda pamaso pa anthu. "Limeneli si lawo, alamu. Ndi langa, ndine ndinapambana." Anthu anati chisoni chandisokoneza mutu.

Tinawakulunga m'nsalu yanga. Asanakhome bokosi ndinamasula tinsonga tija n'kutiika m'manja mwawo. Zaka ziwiri zathunthu ndinali nato, ndikudikira tsiku loti ndiwapatse n'kunena kuti pepani. Ine wolongolola masabata atatu chifukwa cha bulangete, liwu limodzi lokhalo linandikanika.