Zikwangwani za a Alufandika

A Japhet Alufandika akhala akulemba zikwangwani pa Lirangwe kwa zaka makumi atatu. Mukaona golosale, saluni kapena chigayo cholembedwa bwino kuyambira pa Mdeka mpaka ku Chileka, kawirikawiri limakhala dzanja lawo. Sukulu sanapite nayo patali, koma mawu amawasamala ngati mazira. Munthu akabwera ndi kapepala kolakwika, amayamba akangana naye kaye asanatsegule chitini cha penti. Akazi awo a Lucia, omwe amagulitsa tomato pamsika, amati amuna awo anabadwira uphunzitsi koma anasochera njira.

Chaka china chaposachedwapa, kampani ina inayamba kuphwanya miyala paphiri lina kufupi ndi Chileka. Ikaphulitsa, nthaka inkanjenjemera ndipo nyumba zinkachita ming'alu. Tsiku lina mwala waukulu ngati dzungu unaboola malata a nyumba ya mayi wina wamasiye n'kugwera pamphasa pomwe mwana anali atangochokapo. Anthu analemba makalata katatu, yankho osabwera. Ndiye anagwirizana zoyenda pamodzi kukapereka dandaulo pageti la kampaniyo.

Lachiwiri, kwa a Alufandika kunabwera a Benson Maluwa, mkulu wa mpingo yemwe ankatsogolera komiti ya anthu odandaulawo. Anabwera pa njinga yamoto ya Tony, wakabaza wamtima wapachala, yemwe nyumba ya bambo ake inali itang'ambika khoma lonse lakuchipinda.

"Tikufuna zikwangwani khumi pofika Lachisanu," anatero a Maluwa.

"China mulembe kuti Lachisanu kuli chipolowe," anawonjezera Tony. "Amve mantha anthu amenewa."

A Alufandika anaika bulashi pansi. "Achimwene, mukudziwa chomwe mwanenacho? Zionetsero ndi pamene anthu mwanyamuka kukaonetsa chomwe chikukupwetekani, mukudziwa wotsogolera, mukudziwanso pokathera. Chipolowe ndi china. Pamenepo pamakhala miyala ndi magazi, ndipo mwala susankha mutu."

"Nanga akakatitsekera geti?"

"Pakhala mpungwepungwe, kukokanakokana pakamwa. Zimenezo zimatha, anthu n'kukadya kwawo. Chomwe ndimaopa ine ndi chipwirikiti, pamene aliyense akuthamanga osadziwa chomwe akuthawa, wamkulu palibe, womvera mnzake palibe. Ndinachiona kamodzi mu Limbe ndili mnyamata. Sindifunanso."

Tony anaseka. "Madala, ife tikulira nyumba, inu mukutiphunzitsa Chichewa."

A Maluwa anamukhazika chete, ndipo anagwirizana mawu ena. Zikwangwani zisanu ndi zinayi a Alufandika anazilemba pamakatoni. Chachikulu anachilemba pathabwa: NYUMBA ZATHU ZIKUGWA, TIMVERENI. Lachinayi Tony anabwera kudzatenga makatoniwo. Atachoka, a Alufandika anaona kuti chitini cha penti yofiira chomwe chinali pakhonde palibe. Anayang'ana kumsewu komwe Tony analowera, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Lachisanu m'mawa anakwera minibasi, thabwa lawo ali nalo, n'kukakumana ndi gulu. Anthu analipo mazana angapo, amayi ali patsogolo akuimba nyimbo za kutchalitchi. Atafika pageti anapeza lotseka ndi tcheni. Mabwana panalibe. Panali mlonda yekha, a Lumbani, bambo wachikulire wovala jekete yaikulu kuposa thupi lake. Pakhoma la mpanda panali patalembedwa kale ndi penti yofiira, zilembo zopindika, zodontha: TITENTHA ZONSE.

Pentiyo a Alufandika anaizindikira.

Anthu anadikira maola awiri padzuwa la Okutobala. Nyimbo zinatha. A Maluwa anali atagwira envelopu ya dandaulo mpaka inanyowa thukuta. Mlonda uja ankangobwereza kuti, "Ndaimba foni, akuti akubwera."

Dzuwa lili paliwombo, mkati mwa mpanda munaphulika. Anyamata a kampani anaphulitsa mwala monga mwa masiku onse, ngati panja panalibe anthu. Nthaka inagwedezeka, amayi ena anagwa, fumbi linakwera kumwamba. Kenako mwala woyamba unawomba geti.

A Maluwa anakweza manja akufuula, koma mawu awo sankamvekanso. Matayala anachokera kuti, palibe anaona, koma anali akuyaka kale. Geti linagwa. Anthu ena anamugwira mlonda uja ndi kumukokera pamsewu.

"Ndi wawo ameneyu! Amatinamiza!"

A Lumbani anagwa chagada, jekete itawaphimba kumaso. A Alufandika sakumbukira kuti anadutsa bwanji pakati pa anthuwo. Anangozindikira agwada pamwamba pa mlondayo, thabwa atalisenza kumsana ngati chigoba cha kamba. Miyala inkagunda thabwalo, phu, phu. Wina unawapeza pakhutu lamanzere, magazi n'kutsikira m'kolala.

"Ndi a Alufandika! Siyani, ndi a Alufandika!" anakuwa mayi wina.

Ena anasiya, ena sanamve. Chomwe chinabalalitsa anthu ndi galimoto ya apolisi ndi utsi wokhetsa misozi. Mkati mwa utsiwo a Alufandika anakokera a Lumbani m'ngalande, ndipo anagona momwemo akutsokomola mpaka msewu unatsala ndi masilipasi okhaokha.

M'mawa mwake apolisi anabwera pa Lirangwe. Anati zikwangwani zonse zinali za a Alufandika, ndiye mawu a pakhoma aja analinso awo. Anawakweza galimoto anthu apamsika akuonerera. A Lucia anasiya tomato pabenchi osaphimba n'kuthamangira minibasi.

Kupolisi wowafunsa mafunso anali mayi wina, a Duwa, wapolisi wosakweza mawu. Analemba tsamba lonse, kenako anawapatsa cholembera. "Sayinani apa."

A Alufandika anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Anaima. "Apa mwalemba kuti ndinatenga nawo mbali pa chipolowe."

"Simunalipo?"

"Ndinalipo. Ndinapita ku zionetsero. Chipolowe chinandipeza konko. Ndikasayina apa ndiye kuti ndavomera kuti ndinagenda."

"Bambo, kuno si kusukulu. Nanga pakhoma paja analemba ndani?"

"Mayi, pitani mukaone chikwangwani chilichonse pa Lirangwe. Mukapeza penti yodontha, mundimange. Zilembo zija si zanga."

"Penti ndi yanu?"

A Alufandika anayang'ana kukhomo. Panja ankamva mawu a Lucia akuchonderera wapolisi wapakhomo. "Penti ndi yanga," anatero. "Inasowa pakhonde Lachinayi."

"Anatenga ndani?"

Nkhope ya Tony inawabwerera, ndi khoma long'ambika la bambo ake lija. Anakumbukiranso a Lumbani ali chagada pamsewu.

"Sindinamuone akunyamula. Chomwe sindinaone sindingachilumbirire."

A Duwa anatseka faelo. Anawalowetsa m'chitokosi osasayina. Anagonamo masiku awiri ndi anthu ena khumi ndi anayi, khutu likutupa. Lolemba a Lumbani anatuluka m'chipatala, mkono uli m'pulasitala, ndipo anapita okha kupolisi kukafotokoza yemwe anawatchinjiriza. A Duwa anang'amba tsamba lija ndi kulemba lina. Limenelo a Alufandika analiwerenga kawiri, n'kusayina.

Atabwerera kwawo sanalandiridwe ngati ngwazi. Tony anali atathawa, akuti analowera ku Mwanza, ndipo anzake apakabaza anafalitsa kuti a Alufandika ndiwo anamutchula. Ena ankati anateteza munthu wa kampani chifukwa anadyetsedwa. Kwa miyezi itatu palibe wa pa Lirangwe anawaitana kukalemba. Amayi ena ankadutsa benchi la a Lucia n'kukagula tomato kwa wapafupi.

Kampani inatsekedwa milungu isanu ndi umodzi, kenako inatsegulanso. Tsopano imaliza sayirini isanaphulitse, ndipo nyumba zingapo inazimata simenti. Bwana wina anatuma munthu kudzapempha a Alufandika kuti akafute khoma lija ndi kulembapo chenjezo latsopano. A Lucia anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mukapita kumeneko, anthu anena kuti zija zinali zoona."

"Ndikudziwa," anatero a Alufandika, ndipo anamubweza munthuyo mwaulemu.

Khutu lamanzere la a Alufandika silinamvenso. Masiku ano amapalasa njinga kukafuna ntchito ku Mdeka ndi m'midzi ya kwa Chigaru, ndipo mukafuna kulankhula nawo muziima kudzanja lamanja. Sabata yatha bambo ake a Tony anakumana nawo pachigayo. Anapatsana moni, anafunsana za mvula, aliyense n'kupitiriza ulendo wake.